Dzina Loyamba pa Pepala la Mayi Kalirangwe

Kalekale, koma osati kale loti mukafunse kwa makolo anu, kale la dzana lomweli magetsi atayamba kale khalidwe lawo lochoka osatsanzika, pasukulu ina yaukachenjede panali mayi wina wophunzira kwambiri, dzina lawo Dokotala Enelesi Kalirangwe. Udokotalawo usakunamizeni. Mayiwa sankabaya jakisoni, ndipo mukanawadandaulira mutu akanangokulozerani njira ya kuchipatala. Iwo ankaphunzira za zinthu zolimba, miyala, mchere ndi zitsulo, ndi mmene tizidutswa tosaoneka ndi maso timayalirana m'kati mwake.

Ntchito ya moyo wawo wonse inali imodzi. Mukudziwa mmene mabatire a sola amafera msanga asidi akauma kapena akatayika. Mayi Kalirangwe ankafuna chinthu cholimba ngati phale choti chilowe m'malo mwa asidiyo. Ankasakaniza maufa osiyanasiyana, kuwadinda kuti akhale timabatani toyera, n'kutiwotcha m'ng'anjo ya magetsi. Timiphika towotcheramo ankaumba okha ndi dongo la kudambo la kwawo, monga anaphunzirira kwa mayi awo amene anali woumba mbiya. Zimenezi ankanyadira nazo kuposa madigiri awo.

Tsono anthu a sayansi ali ndi mwambo wawo. Chimene wapeza sichiwerengedwa kanthu mpaka utachilemba papepala n'kulitumiza kumagazini ya akatswiri, kumene anthu osawadziwa amalisanthula ngati akufuna nsabwe m'mutu, kenako n'kulisindikiza. Pamwamba pa pepalalo pamakhala mayina. Mphunzitsi amaika lake kumapeto. Loyamba limakhala la amene anasenza katundu wolemera kuposa onse, ndipo ndi lokhalo limene dziko limakumbukira. Ena akamatchula ntchitoyo amangoti "Uje ndi anzake", basi otsalawo amezedwa.

Ntchito itayamba kuonetsa zipatso, Mayi Kalirangwe anapezeka ndi khansa. Anali ndi ophunzira atatu, Fatsani, Sungeni ndi Lonjezo, amene ankangowatchula kuti Mayi, iwonso n'kumawati ana anga. Akuluakulu a sukulu sanabise mawu. Anati Mayi akadzachoka, chipinda cha ng'anjo chidzakhala ndi malo a munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndi amene dzina lake lidzatsogole papepala. Enawo adzaone kolowera. Atatuwo atafunsa mozungulira kuti adzatsogola ndani, Mayi anaseka n'kunena kuti mwana samutcha dzina asanabadwe, mayina adzalemba okha tsiku lotumiza. Chimene iwo ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi, kuti aone pepalalo litalandiridwa maso awo asanatsekeke.

Fatsani ndiye anali wa kung'anjo. Timabatani tija timafuna kuzizira pang'onopang'ono, ndipo magetsi akazima moto uli pakati timang'aluka, ntchito yonse n'kubwerera pachiyambi. Anataya timabatani tosawerengeka mwa njira imeneyi, mpaka anaphunzira kusunga mchenga wotentha pambali. Masana ena, akuwotcha ufa umene unasakanizika bwino kuposa wina uliwonse, magetsi anazima ndipo jenereta inakana kulira. Anatsegula ng'anjo nayamba kuphula timiphika ndi mbaniro, kumatikwirira mumchenga muja. Kamodzi kanapulumuka pambaniro. Asanaganize, anakawakha ndi dzanja lamanja, moto n'kupyola chovala chake chotetezera manja ngati pepala. Kamphikako sikanagwe, koma zala zake zinakhwinyata ndipo sizinawongokenso. Timabatani ta tsiku limenelo nditimene tinakhala mutu wa pepala lonse.

Sungeni ndiye anatinyamula. Makina a ekisireyi otha kuona m'kati mwa zinthu zotere m'dziko muno munalibe. Anali kudziko lina lakutali, ndipo ofuna kuwagwiritsa ntchito ankalembetsa kukadali miyezi, wophonya nthawi yake n'kubwerera kumchira kwa mzere. Sungeni anasiya kamtsikana kake kwa mkulu wake nakwera ndege. Nthawi yake itangoyamba, uthenga unafika woti mwana wagonekedwa m'chipatala ndi malungo. Anaimbira Mayi Kalirangwe, ndipo Mayi anamuuza kuti asiye zonse abwere. Koma Sungeni ankadziwa kuti nthawi ina ikadzapezeka Mayi adzakhala kulibe. Anadziuza kuti malungo mwanayo anadwalapo kale n'kuchira, amalize kaye, mawa akwera. Mawa lakelo linabala mawa lina. Pofika kwawo anakumana ndi anthu akuchokera kumanda.

Anabweretsa zithunzi zake atauma maso, n'kuziika patebulo. Zithunzi za makina amenewa si za nkhope kapena mafupa. Ndi mzere wokwera ndi kutsika ngati timapiri, ndipo chinthu chilichonse chili ndi timapiri take. Pakati pa timapiri todziwika panali kamodzi kachilendo kamene sikanali m'buku lililonse. Kaphiri kameneko kanatanthauza kuti Mayi Kalirangwe apanga chinthu chatsopano pansi pano. Ataona, anaseka ndi kulira nthawi imodzi, kenako anakumbatira Sungeni nthawi yaitali, pakuti ankadziwa mtengo wake wa kaphiriko.

Lonjezo ndiye anali mlembi. Anzake ankamuseka kuti manja ake ndi osalala ngati a wansembe, sanapsepo, sananyamulepo kanthu kolemera kuposa cholembera. Koma musaderere ntchito yake. Magazini iliyonse ili ndi malamulo ake a kukula kwa zithunzi, kuchuluka kwa mawu ndi katchulidwe ka amene anayamba kulemba za nkhaniyo, ndipo ukaphonya pang'ono amakubwezera pepala asanaliwerenge n'komwe. Lonjezo analemba ndi kufufuta, analemba ndi kufufuta, Chingerezi chake mpaka chinawongoka. Mayi atagonekedwa m'chipatala, ankapita kukawawerengera chiganizo chilichonse, iwo n'kumagwedeza mutu kapena kupukusa.

Tsiku lotumiza linafika. Atatuwo anapangana kuti onse akakumana kuchipatala madzulo, Mayi akalembe mayina. M'mawa mwake Lonjezo ankasanja zithunzi komaliza, ndipo anatsegula chimodzi chimene palibe anachilabadira. Pomanga katundu wa Sungeni ndi dzanja limodzi, Fatsani anagwetseramo kaphale ka kamphika kosweka, ndipo Sungeni, posafuna kusiya kanthu, anakajambulanso. Pachithunzi cha kaphaleko kaphiri kachilendo kaja kanali pomwepo, katatalika kuposa kwina konse. Chinthu chatsopano panalibe. Linali dongo la timiphika ta Mayi limene linkasungunukira m'timabatani moto ukakula.

Lonjezo anakhala pampando nthawi yaitali. Wodziwa anali iye yekha. Akanasiya chithunzicho kunja, osanthula aja mwina sakanazindikira, kalata yolandira pepala ikanafika Mayi akupumabe, ndipo akanapita akumwetulira. Koma tsiku lina munthu wina kutali akanayesa kupanga chinthucho m'miphika yake n'kulephera, ndipo dzina la Kalirangwe likanakhala chitsanzo chophunzitsira ana kuti asamathamange. Ananyamula zithunzi ziwiri, cha timabatani ndi cha kaphale, napita kuchipatala anzake asanafike.

"Mayi, kaphiri kaja si ka timabatani tathu," anatero. "Kakuchokera m'timiphika tanu."

Mayi Kalirangwe anapempha magalasi awo. Anayang'ana chithunzi ichi, anayang'ana icho. Munthu wodziwa ntchito safuna womasulira.

"Mwanawe," anatero motsitsa, "sukanadikira kuti ndife kaye?"

Patapita kanthawi Mayi anavula magalasi aja n'kumubwezera zithunzi.

"Musatumize. Kayambireninso."

Anatembenukira kukhoma. Fatsani ndi Sungeni atafika anapeza Mayi akulira mwakachetechete, ndipo tsiku limenelo za mayina palibe anazitchula. Pasanapite nthawi matenda anawatsekera pakamwa.

Atatuwo anayambiransodi. Anabwereka timiphika ta kunja tosasungunuka, Fatsani n'kuwotchanso ndi dzanja lamanzere. Sungeni anapempha anthu amene anadziwana nawo kudziko kuja kuti awajambulire timabatani totumiza papositi, pakuti iye analumbira kuti kumeneko sadzapondako. Lonjezo anang'amba theka la zimene analemba. Zimenezi zinadya miyezi, ndipo Mayi Kalirangwe anaikidwa m'manda mvula ili pakati, yankho lisanabwere. Pamaliropo Fatsani ndi Sungeni anakhala mbali imodzi, Lonjezo mbali ina. Ndikuuzeni zoona, ine mtima umandipweteka ndikafika pamenepa, chifukwa onse atatu ankalira munthu mmodzi koma sankatha kuyang'anana.

Yankho litabwera linali laling'ono koma loona. Chinthu chatsopano panalibedi, komabe timabatani towotchera m'dongo la Mayi tinkadutsitsa magetsi bwino kuposa ta m'timiphika ta kunja. Si nkhani yogwedeza dziko, koma ndi nkhani yoti wina angamangepo nyumba osaopa kuti imugwera. Pepala linalembedwanso, ndipo m'mawa wina atatuwo anakhala pamaso pa kompyuta kuti alitumize. Dzina la Mayi analiika kumapeto ndi kamtanda kosonyeza kuti anatisiya. Malo a dzina loyamba anali kuwadikira.

Mwina wina wa inu akuti bwanji osangoika Mayi patsogolo. Womwalira sangalandire chipinda cha ng'anjo, ndipo akuluakulu akanafunsabe kuti wotsatira ndani. Mwina wina akuti aike kanyenyezi kosonyeza kuti onse anagwira mofanana. Kanyenyeziko kaliko, koma mayina atatu sangaime pamalo amodzi. Lina liyenera kuyamba.

Fatsani anaika dzanja lake lokhwinyata patebulo. Anati popanda timabatani sipakanakhala chojambula kapena cholemba, ndipo anafunsa kuti ndi dzanja lotere angakafune ntchito kwa yani. Chipinda cha ng'anjo ndi malo okhawo amene ankamudziwa asanapse.

Sungeni sanakweze mawu. Anati zithunzi zonse zoyamba zija, ngakhale cha kaphale chimene Lonjezo anaonerapo cholakwika, zinajambulidwa ndi iye mwana wake akutsirizika.

"Achimwene, dzanja lanu mukuliona tsiku lililonse," anauza Fatsani. "Ine changa ndikachione kuti?"

Lonjezo anavomera kuti iye sanapse ndipo sanaike mwana m'manda. Anangoti akanakhala chete, dzanja la Fatsani ndi mwana wa Sungeni zikanapita chifukwa cha pepala labodza, limene tsiku lina likanachotsedwa m'magazini mwamanyazi pamodzi ndi mayina awo onse. Fatsani anamuyankha kuti anawalanda Mayi chinthu chimodzi chokha chimene anapempha. Lonjezo anati akudziwa, ndipo funso lija la Mayi adzafa nalo.

Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sananene kuti wotsinidwayo akakhala pamphasa ya imfa titani. Ine ndayesa kuweruza mlanduwu ndipo ndalephera. Ndikayang'ana dzanja la Fatsani ndimati ndi iyeyu. Ndikakumbukira kamanda kakang'ono kaja ndimachita manyazi kuti ndinaganizako za wina. Kenako ndimadzifunsa ngati ine ndikanalimba mtima kulowa m'chipatala muja ndi zithunzi ziwiri m'manja, ndipo ndimapeza kuti mwina sindikanatha.

Dzuwa linakwera, linapendeka, atatuwo ali pamenepo, palibe wokhudza kompyuta. Pepala la Mayi Kalirangwe silingachoke popanda dzina loyamba, ndipo likasindikizidwa silisinthikanso. Mmodzi atsala m'chipinda cha ng'anjo, awiri atuluka n'kusanduka "anzake".

Tsono ndikusiyirani inu. Atsogole ndani, amene anapereka dzanja lake, amene sanaone nkhope ya mwana wake komaliza, kapena amene ananena zoona n'kulola mphunzitsi wake kupita ndi misozi?