Swapu Yotsekedwa ndi Nyimbo ya Bambo

Mwini situdiyo ya kuseri kwa shopu ya zitsulo anali munthu wosapirira chinthu chochedwa. Ngakhale ketulo ikachedwa kuwira ankaikalipira. Ndiye mutha kuona mmene kompyuta yake yojambulira nyimbo inkamupsetsera mtima: akatsegula mapulogalamu ambiri, kamuvi ka mausi kankauma gwa, kenaka n'kudumpha ngati chule.

Mlongo wake wamng'ono, wokonza makompyuta, anamufotokozera bwinobwino. "Memore ikadzaza, makinawa amasamutsira zina ku disiki, pamalo otchedwa swapu. Disiki ndi yochedwa, n'chifukwa chake akutsimphina. Ndingowachepetsa changu chosamutsacho, muona kusintha."

"Kuchepetsa kwa chiyani? Ingotsekeratu!"

"Achimwene, swapuyo ndi kothawira. Mukatseka, tsiku lodzadza memore makina adzapha pulogalamu yodya malo ambiri, osakufunsani n'komwe."

Mkuluyo anangoti aa, zamabuku izo. Mlongo wake atangotuluka, anatseka yekha swapu yonse. Sanalekere pomwepo. Analamulanso pulogalamu yojambulira kuti izisunga mawu m'memore mpaka nyimbo itatha, ati disiki isamasokoneze. Kunena zoona, kompyuta inayamba kuuluka, ndipo aliyense wolowa m'situdiyomo ankaonetsedwa, afune asafune.

Sabata yomweyo kunabwera bambo awo, woimba wakale wa kwaya. Anali ndi chotupa pakhosi, ndipo adokotala anali atanena mosabisa kuti pambuyo pa opaleshoni ya mawa lake, mawu mwina sadzabwereranso. Mdalayo anapempha chinthu chimodzi: nyimbo imene anapekera malemu mkazi wawo ijambulidwe, adzukulu adzawamve akuimba.

Anafika masana atavala jekete, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. "Mwanawe," anatero akumwa madzi ofunda, "khosi ili latsala ndi ulendo umodzi basi. Usandibwerezetse."

"Musadandaule ababa, makina awa ndi mphezi."

Pofuna kuwasangalatsa, anatsegula zida zonse za m'kompyutamo: piyano, malipenga, ng'oma, chilichonse. Bambo analowa m'kachipinda ka galasi, natsinzina, nayamba. Mawu anatuluka okalamba koma oyera, moti mlongo uja misozi inalengeza. Popukuta m'maso, anaona kamzere kosonyeza memore pakona ya sikirini katafiira, kakukwera.

"Achimwene," ananong'ona, "swapu ija munaisiya yotsegula?"

Mkuluyo anayang'ana kumbali. Thukuta linali litayamba kale kutsika m'khosi.

"Imitsani musunge zimene zalowazi, chonde!"

"Ndiwadule pakati? Yatsala ndime imodzi. Ifika."

Mkuluyo anayesa kutseka malipenga aja kuti apeze malo. Kamuvi sikanasunthe. Anagwedeza mausi, anaimenyetsa patebulo, koma ayi ndithu. Kuseri kwa galasi bambo anali pa ndime yotchula dzina la mayi, dzanja lili pachifuwa, osadziwa kanthu. Ana awiriwo anangoti maso tong'o pasikirini, aliyense akupemphera chamumtima. Kenaka pulogalamu ija inangoti zii, ngati sinatsegulidwepo. Kamuvi kanayambanso kuyenda mwaufulu pasikirini yopanda kanthu.

Mlongoyo anakankha mchimwene wake pampando, nafufuza paliponse m'disiki. Munalibe ngakhale liwu limodzi.

Bambo anatuluka akumwetulira, akupukuta nkhope ndi mpango. "Tayika timve," anatero ndi mawu osasa. "Amayi anu akanati ndakuwa kwambiri."

"Ababa," mwini situdiyo anayankha atazolika, "pepani, tabwerezaniko kamodzi kokha."

Mdalayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwana wamkazi, yemwe anali akulira poyera. Sanakalipe. Anabwerera m'kachipinda muja, naima pa maikolofoni, natsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokhawokha. Anayesanso, n'kutsokomola mpaka kugwira khoma. Atapuma anatola chipewa chawo, nauza mwana wamkaziyo kuti awaperekeze, mawa n'kulawira kuchipatala.

Mwini situdiyo anatsala yekha ndi kompyuta yake yaliwiro, mtima ukumuwawa kosaneneka. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.