Mwana wabwino wa atelala

M'shopu ya atelala munkaloledwa kulankhula awiri okha: makina osokera ndi atelala eniakewo. Koma mwana wawo wamkazi, yemwe ankamutcha Kabatani chifukwa cha kuchepa, anabadwa ndi mafunso odzaza dengu. Ankakhala pansi pa tebulo pakati pa zigamba, n'kumasuzumira.

"Ababa, ulusi wapansiwu ukuchokera kuti?"

"Chete! Mwana wabwino safunsa," ankatero atelala, mapini ali kukamwa. Tsiku limene wakhala duu, ankamupatsa switi.

"Bambo a Kabatani, muyankheni mwanayu," ankadandaula akazi awo. "Ngakhale Ambuye wathu ali mwana anawapeza m'Kachisi akufunsa akuluakulu."

"Ndiye uyu ndi Ambuye? Ndili ndi madiresi a kwaya oti ndimalize ine."

Switi anagwira ntchito yake mokhulupirika. Kutchalitchi amayi ankati, "Mwana uyu ngati mngelo!" ndipo atelala ankatukumuka. Palibe anakumbukira kuti angelo amatsegula pakamwa. Akanakhala chete, abusa a nkhosa aja bwenzi akadali kutchire osamva kanthu.

Kabatani atafika sitandade 4, aphunzitsi anaitana makolo. "Amakopera bwino zedi, ngakhale ndikalakwitsa pabolodi amakopera cholakwacho. Koma ndikati 'chifukwa chiyani?' amandiyang'ana ngati ndatukwana. Akapanda kukhoza mayeso akubwerawa, abwereza kalasi."

"Ana a anzanga ndi mawayilesi, wanga ndi waulemu," anayankha atelala. "Ulemu sulephera mayeso."

Tsiku la mayeso, pepala la Kabatani linali losadindidwa kuseri. Anaona anzake akutembenuza n'kumalemba. Iye anatembenuza lake, napeza poyera mbee. Aphunzitsi anadutsa pambali pake, dzanja lake osakwera. Anapinda manja mwaulemu wonse mpaka belu linalira.

Atamva, atelala anakalipa mpaka tepi yoyezera inagwa m'khosi. "Iwe, pakamwa anakupatsiranji Mulungu? Bwanji sunafunse?"

Mwanayo anagwada bwinobwino. "Mwana wabwino safunsa, ababa."

Akazi awo anangong'ung'udza nyimbo ya kulapa akusesa zigamba.

Atelala anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Kenaka anatsegula kachitseko ka pansi pa makina, natulutsa kabobini. "Bwera, mwanangu. Unandifunsa kale za ulusi wapansi. Taona, umachokera apa. Funsanso china, chilichonse."

Kabatani anayang'ana kabobiniko, nayang'ana bambo ake, kufuna kudziwa yankho lomwe akulifuna.

"Zikomo, ababa," anatero, napindanso manja.

Talente imene Mulungu anaika m'shopu muja, atelala anaikwirira okha, n'kuthirapo switi pamwamba. Kuifukula aifukula, chisomo chilipo, koma ndi khasu la misozi. Akuluakulu sananame: mmera m'poyamba.