Mtsuko Wodontha wa Mayi Muthamma

Kalekale, ana inu, m'mudzi wina wa kumwera kwa dziko la Indiya munali kachisi wa mulungu wamkazi dzina lake Muthamma. Anthu ankangomutcha kuti Mayi, poti ndiye ankawateteza ku nthomba. Chaka chilichonse, dzuwa likafika poswa mtengo, mkazi mmodzi ankasenza mtsuko watsopano wa madzi kuchokera kumtsinje mpaka kukachisi. Wansembe ankasambitsa mapazi a chifanizo cha Mayi, ndipo madzi otsala ankagawira odwala.

Mwambowo unali ndi malamulo awiri: mtsuko usatulidwe panjira, ndipo dontho lisagwe pansi. Kagawidwe kake nako kanali kodziwika. Ankayambira kunyumba za eni minda, ndipo pofika kumsewu wa oumba mbiya, omwe ankaumba mtsukowo, madzi ankakhala atatha kale.

Chaka china nthomba inavuta zedi, ndipo maere osenza mtsuko anagwera Sellayi, mkazi wa woumba mbiya. Mwana wake mmodzi yekhayo, Ponni, anali gone pakhonde, thupi lonse zilonda. Mwamuna wake Irulan anali ataumba mtsukowo maganizo ali pa mwana, ndipo anauphula pamoto usanapse bwino.

M'mawa wa tsiku la mwambowo anthu anakulunga mtsuko ndi masamba a nimu, naudzaza, namusenzetsa Sellayi. Ng'oma zinalira, wansembe Kandasami patsogolo, khamu pambuyo. Asanapite patali, Sellayi anamva kanthu kozizira kakutsika kuseri kwa khutu. Anati mwina ndi thukuta. Koma thukuta la dzuwa limenelo silizizira chotero. Kenaka anamva pamsana, tho! tho!

Mtima unamuthawa. Mtsuko unali ndi mng'alu! Kuutula kunali kuswa lamulo, kupitirira nawo kunalinso kuswa lamulo. Anayamba kuyenda mofulumira, koma akafulumira madzi ankachita kuyenderera. Irulan anaona mzere wonyowa pafumbi, nasendera pafupi.

"Amake Ponni," ananong'ona, "ndakulakwirani. Limbikirani, mwina mufika nawo ochepa."

"Ochepawo afika kwa yani, bambo ake Ponni?" anafunsa Sellayi osatembenuza khosi. "Ngakhale wodzaza sufika kwathu."

Anafika pamphambano. Njira yakumanja inali yachidule, yolunjika kukachisi. Yakumanzere inkazungulira kumsewu wa oumba mbiya, kwa katondo wofiira, kumene wosenza mtsuko wa Mayi anali asanapondeko chiyambire. Sellayi anaima pang'ono, mtsuko ukupepukirapepukira pamutu. Ankaopa Mayi, ankaopa anthu, koma koposa zonse ankaopa kukapeza mwana wake atazizira. Anakhotera kumanzere.

Ng'oma zinangoti zii.

"Mayi inu, mwapenga kodi?" anakuwa Kandasami. "Bwererani! Mutiphetsa mudzi wonse!"

Koma ndani akanamugwira? Wosenza mtsuko wa Mayi sakhudzidwa, ndipo lamulo limenelo analiphunzitsa ndi Kandasami yemweyo. Anangotsatira pambuyo, akutukwanira m'ndevu.

Sellayi anafika pakhomo pake nawerama pang'ono osatula mtsuko. Madontho atatu anagwera pamphumi pa Ponni. Amayi ena ataona, anathamanga kukatenga ana awo odwala, nawagoneka m'mbali mwa njira.

"Achemwali, dutsiraninso kuno!" ankapempha motero.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sellayi anayenda khomo ndi khomo mpaka msewu wonse unatha.

Pofika kukachisi, dzuwa lili pamutu, mtsuko unali gwa. Kandasami anaupendeketsa pamaso pa anthu onse, koma simunatuluke kanthu. Anthu anayamba kulira, ena kutola miyala. Eni minda anati banja limenelo lichoke m'mudzi dzuwa lisanalowe. Sellayi anagwada pakhomo la kachisi.

"Ndalakwa ndine, musawakhudze amuna anga," anatero. "Madzi akatayika saoleka. Mayi achite nane zimene afuna."

Kandasami anatsekula chitseko cha chipinda chopatulika kuti akapepese kwa Mayi. Analowa, nakhalamo nthawi, anthu panja mitima ili m'mwamba. Atatuluka, nkhope yake inali ngati ya munthu woona mzukwa.

"Bwerani mudzaone," anatero motsitsa mawu.

Chipindacho chinali chotseka chiyambire dzulo lake. Koma mapazi a chifanizo anali onyowa, ndipo pakati pa zala zake panali matope ofiira. Katondo wotere m'mudzi monse ankapezeka malo amodzi okha, kumsewu wa oumba mbiya. Miyala ija inagwa yokha m'manja mwa anthu.

Sellayi sanadikire kumva zambiri. Anathamangira kwawo, nakapeza Ponni atakhala tsonga, akupempha phala.

Ndi chifukwa chake mpaka lero, m'mudzi umenewo, woumba mbiya akamaliza mtsuko wa Mayi amauboola pansi ndi munga dongo lisanaume. Wosenza amadutsa msewu uliwonse, kuyambira wa oumba mbiya, ndipo amayi amaimika ana awo m'mbali mwa njira. Mtsuko ukafika kukachisi muli madzi, wansembe amamubweza wosenzayo, amati pali khomo lina limene walidumpha.