Nsomba za Ababa

Kuntchito ankamutchula kuti Mayi Ukhondo, ndipo dzinalo silinali lomunamizira. Ankakolopa pakachipatala kena ka mano, ndipo pamene wadutsa iye, ntchentche ikatera inkaterereka. Kunyumba nakonso kunali chimodzimodzi. Kapu ukaisiya patebulo kuti uyankhe foni, pobwera unkaipeza yatsukidwa kale, ili m'kabati. Amunake, omwe ankawotcherera zitsulo, ankati tsiku lina adzadzidzimuka ataviikidwa m'beseni limodzi ndi ovolosi yawo.

M'nyumbamo mayiyu ankakhalanso ndi bambo ake omubereka. Mkuluyu anatha zaka makumi atatu akukonza mawotchi pakhonde la sitolo, kagalasi kali padiso, mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa pampando. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja lili lende, mwendo akuchita kukoka, lilime litalemera. Mawu analipo, koma ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wouma. Mwana wawoyo, pofuna kuwapeputsira, anazolowera kuwamalizira. Akangoti "Ndi... ndi..." iye wafika kale ndi madzi akumwa. Akati "Nsa..." nsapato zili kuphazi. Mapeto ake mkuluyo analeka n'kuyesa komwe. Ankaswera pabedi atayang'ana kukhoma, chakudya akungochilawa.

Amene anabweretsa thanki yagalasi yoweteramo nsomba anali mlongo wake wa mayiyu, woyendetsa malole. Anafika nayo Lachiwiri lina masana, n'kuiika pakatebulo ka pabalaza. Anathiramo timiyala ndi madzi, analumikiza kasefa kamagetsi kokhala ndi siponji m'kati, ndipo tsiku lomwelo anatulutsiramo nsomba zisanu ndi zitatu, zazing'ono ngati chala, za michira yamawangamawanga. Anati anamva kuti odwala akamaonera nsomba mtima umakhala m'malo. Anamwa tiyi chiimire, n'kuliza lole yake ulendo.

Mankhwalawo anagwira kuposa a m'botolo. M'mawa mwake mkulu uja anadzuka yekha, anakoka mwendo mpaka pabalaza, nakhala pafupi ndi thanki. Tsiku lachitatu anapempha kuti amumete ndevu. Ankatapa chakudya cha nsomba ndi zala zakumanzere, ndipo ankaswera pomwepo, diso lili pagalasi ngati kale lija pa mawotchi. Panali kansomba kamodzi kakuda, kong'ambika mchira, kamene kankazungulira thanki yonse ngati kakuyendera antchito. Mkuluyo anakaloza, nalimbana ndi lilime mpaka dzina linatuluka: "Ka...pi...tawo." Nyumba yonse inaseka, ndipo mayiyu anakalowa m'khitchini kukapukuta misozi.

Patsiku lachisanu madzi anachita mbuu, ngati otsukira mpunga. Mayi Ukhondo atawaona, m'manja munayamba kumuyabwa. Lamulungu m'mawa anawola nsomba zija n'kuziika m'beseni, anataya madzi onse, anakwecha galasi ndi sopo, timiyala anatitsuka katatu. Atatsegula kasefa anapeza siponji yayamba kuda, ili noninoni. Anaichapa pampopi ndi sopo mpaka inayera ngati yatsopano. Bambo ake anali kumbuyo kwake, akugwedeza dzanja.

"Usa... usa..."

"Sindiswa, ababa, ndagwiritsa," anatero iye osacheuka n'komwe.

Anadzaza thanki ndi madzi a pampopi, nabwezeramo nsomba. Galasi linkawala moti unkatha kumetera ndevu. Lolemba kutacha, ziwiri zinali zitayandama, mimba zili m'mwamba.

Iye sanakayike, anati mlongo wake anamugulitsa nsomba zodwala. Poweruka anadzera kusitolo kumene zinagulidwa. Mwini sitoloyo anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe. Anamvetsera dandaulo lonse osamudula, kenaka anafunsa kuti thankiyo yatha masiku angati, nsomba analowetsamo zingati nthawi imodzi, ndipo madzi amawasintha bwanji. Pomaliza anati abweretse madziwo m'kabotolo kuti awayeze, ndipo asanayeze sangamugulitse nsomba ina.

Apa ndiye anaponda pachilonda. Kumuyeza madzi iye? "Madzi a kwanga mukhoza kumwetsa khanda," anatero, natuluka pakhomo osatsazika. Anapita kumsika, kwa bambo wina wosafunsa mafunso, nagula ziwiri zolowa m'malo mwa zakufazo.

Kuyambira pamenepo anasanduka wapolisi m'nyumba mwake. Anaganiza kuti ndi mankhwala opopera udzudzu, nawaletsa. Anaganiza kuti ndi chakudya, nagula china. Amunake anawalamula kuti asayandikire thanki asanasambe, poti manja awo sachoka dzimbiri. Iwo anati mwina nsombazo zikufa ndi manyazi, nyumba yanji yopanda makatani, aliyense kumakuonera ukusamba. Mayiyu sanaseke. Poona kuti matenda sakutha, anachita zimene ankadziwa kuti zimathetsa matenda: anaonjezera kutsuka. Lamulungu ndi Lachitatu, madzi onse pansi, siponji pampopi, sopo mpaka thovu.

Nsomba zinapitirira kutha. Zinkayamba ndi kukwera pamwamba, kukamwa kuli phaphapha ngati zikupempha mpweya. Zipsepse zinkamatirira kuthupi, m'mbali mwa mutu mopumira munkafiira, ndipo chakudya zinkangochidutsa. Zikafa, mayiyu ankaziwola m'mamawa bambo ake asanadzuke, ngati kuti munthu amene anakhala moyo wake wonse akuwerenga tizitsulo ta m'wotchi angalephere kuwerenga nsomba khumi.

Pofika Loweruka la sabata yachitatu, m'thankimo munatsala Kapitawo yekha. Kuyendera antchito anali atasiya. Anangoima pakona, mphuno ili pamwamba pa madzi. Tsiku limenelo mpando wa pabalaza unakhala wopanda munthu. Mayiyu atasuzumira kuchipinda anapeza bambo ake atatembenukira kukhoma kuja, tiyi atazizira pambali. Mtima unamugwa. Anadziwa kuti kansomba kakudako kakapita, mkuluyo sadzadzukanso pabedipo.

Sanadikire Lamulungu. Anatenga beseni ndi sopo, nagwada patsogolo pa thanki. Beseni litangolira pasimenti, anamva kukwekwereza kwa mwendo m'kakhonde. Bambo ake anafika akupuma mwabefu, naika dzanja lamanzere pachivundikiro cha thanki.

"Uka... uka..."

"Ndikatha ndikupatsani phala, ababa. Khalani pansi."

Mkuluyo anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka madzi anagwedezeka. Chidwalire chawo anali asanachitepo zotero. Amunake a mayiyu, omwe ankamanga nsapato pakhomo, anadzutsa mutu. Nthabwala panalibe.

"Amayi, asiyeni apongozi amalize okha."

Mayiyu anakhala pansi pomwepo, sopo ali m'manja. Kudikira kwake kunali kowawa. Ankaona milomo ya bambo ake ikunjenjemera, mtsempha wa pakhosi utaima, ndipo mawu atatu anayi anamufika pakamwa ofuna kuwathandizira. Anawameza onse.

"Uka...tsuka," anatero mkuluyo. Anapuma. "Mawa... maliro."

Anatukula zala ziwiri. "La...mulungu." Anatukula chimodzi. "Lachi...tatu." Anapitiriza choncho, tsiku ndi zala, tsiku ndi zala, osaphonya ngakhale kamodzi. Kenaka analoza siponji, naloza sopo, napukusa mutu.

Mayiyu anabwerera m'mbuyo ndi maganizo. Lolemba lililonse anawola nsomba zakufa. Lachinayi lililonse anawola nsomba. Lachiwiri kapena Loweruka sankakumbukira kuti anawolapo. Masabata atatu onsewa yankho linali pampando wa pabalaza, ndipo iye ankalitseka pakamwa ndi madzi akumwa. Anayang'ana sopo uja ngati wagwira njoka.

Anatunga madzi a m'thanki m'kabotolo, nabwerera kusitolo kuja mutu uli pansi. Mwini sitolo sanamukumbutse za khanda. Anathira madziwo m'timabotolo tiwiri, anadonthezamo mankhwala, nagwedeza. Kena kanasanduka kobiriwira, ndipo anakayerekeza ndi pepala la mitundu.

"Mwaona, achemwali? Kakanayenera kukhala kachikasu. Madzi anu ndi oyera m'maso mokha."

Anafotokoza modekha, ngati wophunzitsa mwana kusoka. Nsomba imadya momwemo, imadzithandiza momwemo, ndipo zotuluka m'thupi mwake zimasanduka poizoni wosaoneka amene amaiwotcha mopumira. Chimene chimadya poizoniyo ndi tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tomwe timamanga mudzi wawo m'siponji ndi m'timiyala. Thanki yatsopano imakhala ilibe tizilomboto, ndipo kuti tichuluke pamapita mwezi kapena kupitirira. Nsomba zisanu ndi zitatu tsiku limodzi unali kale katundu wolemera, ndiye kumeneko kunali kulakwa kwa mlongo wake. Mbuu uja sanali matenda, akanatha yekha. Koma madzi a pampopi ali ndi mankhwala ophera tizilombo, amene amapsereza nsomba n'kupha tizilombo tabwino tija, ndipo sopo, ngakhale wotsalira pang'ono, kwa nsomba ndi chiphe.

"Ndiye kuti mudzi ukangoyamba kumangika, inu mumabwera ndi moto, kawiri pasabata," anatero mwini sitolo.

Anamuuza zochita. Sopo asayandikirenso thanki. Madzi asamataye onse, azichotsa limodzi mwa magawo atatu, poyamba tsiku lililonse, kenaka modumphitsa masiku. Olowa m'malo azidonthezamo kaye mankhwala ochotsa ukali wa pampopi, ndipo asakhale ozizira kuposa a m'thanki. Siponji ikatsekeka aziifinya pang'ono m'madzi omwe wachotsa m'thankimo, osati pampopi. Chakudya kamodzi patsiku, kochepa. Nsomba yatsopano ayi, mpaka kabotolo kadzanene. Atatero anapisa dzanja m'thanki yake yakale, anadula chidutswa cha siponji yakuda bii, yonunkha matope, nachiika m'kapulasitiki ndi timadzi.

"Kaikeni m'sefa mwanu chonchi. Musachitsuke. Litsiro limeneli ndiye mbewu."

Mayi Ukhondo anayenda msewu wonse atanyamula litsiro la eni m'chikwama chake chatsopano. Amunake atamva anati tsikuli alilemba pakhoma.

Ntchito yeniyeni inali yosagwira ntchito. Madzi anachitanso mbuu, ndipo iye ankadutsa pabalaza atapinda manja kumbuyo ngati wamangidwa. Pagalasi panayamba kumera ndere. Tsiku lina kunabwera azakhali ake kudzaona wodwala, ndipo anayang'ana thanki, nayang'ana iye, nafunsa ngati sopo wakwera mtengo. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi, koma anangoti madziwo ali pamankhwala. Madzulo alionse akaweruka ankatenga kapaipi ndi chidebe, bambo ake ali pampando ngati woyang'anira. Madzi akafika pamzere umene anajambula pagalasi, mkuluyo ankati, "Ba...si." Iye ankadikira mpaka liwu lonse lituluke, ndiye n'kutsina kapaipi.

Sabata yoyamba Kapitawo anangokhala pakona pomwe paja, osafa, osachira. Yachiwiri anatsika pansi, natola chakudya kamodzi. Loweruka lililonse mayiyu ankapita ndi kabotolo kusitolo, ndipo kubiriwira kunkachepa pang'onopang'ono. Kenaka kabotolo kachiwiri koyezera kaja nako kanayamba kusintha mtundu, moti mayiyu anataya mtima. Mwini sitolo anati imeneyo ndi njira yake, poizoni woyamba akasanduka wachiwiri ndiye kuti mudzi wayamba kumangika, apitirize kusintha madzi. M'mawa wina wa sabata yachitatu mayiyu anapeza madzi ali mbee, okha, popanda dzanja la munthu. Anaima nthawi yaitali akuwayang'ana, kansalu kopukutira kali paphewa.

Pa sabata yachisanu timabotolo tonse tiwiri tinaonetsa mitundu yoyenera. Mwini sitolo anamugulitsa nsomba ziwiri zokha, nati zina adzatenge mwezi wamawa. Atafika nazo kunyumba anayandamitsa kapulasitiki pamwamba pa thanki kuti zizolowere madzi, monga anamuuzira, ndipo banja lonse linakhala pansi kudikira. Atazitulutsa, Kapitawo anazizungulira kawiri, mchira wong'ambika uja uli petupetu.

Mkulu uja anakonza kukhosi. Mwana wake anatembenuka, naika manja pamiyendo. Anadikira kuti amalize okha.

"Kapi...tawo," anatero, "wapeza... antchito. Mawa... undi...gulire... batire. Wotchi... ya pakhoma... yaima."

Wotchiyo inali itaima miyezi inayi, ndipo mayiyu ankaipukuta fumbi tsiku lililonse osaganiza kuti m'nyumbamo muli mwini ntchito. Anaitsitsa pomwepo, naiika pamiyendo pa bambo ake, n'kupita kukafunafuna kagalasi ka padiso kaja m'sutikesi.

Nsomba zisanu ndi zinayi zinapita chifukwa cha manja ofulumira. Yakhumi inapulumuka tsiku limene manjawo anakhala pansi, makutu n'kuyamba ntchito. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.