Ng'ombe ya a Kanyoza ndi Sukulu ya Pamkuyu

Ananu, mwambi sugwa kumwamba ngati mvula. Pamakhala wina amene analira kaye. Uwu wa mkuyu anaulirira ndi a Kanyoza a m'mudzi wa Kamphinda, sukulu zitangoyamba kufika kumidzi.

Sukulu ya pa Kamphinda inalibe denga. Ana ankakhala pansi pa mkuyu waukulu, bolodi atalikoloweka pathunthu. Mphunzitsi anali a Matchipisa, bambo wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kaphunzitsidwe kawo kanali kamodzi basi: kulemba mawu a Chingerezi pabolodi, kuloza ndi ndodo, ana n'kumakuwa pambuyo pawo. Tanthauzo ayi. Mwana akafunsa kuti mawuwo akunena chiyani, ndodo yolozera ija inkasintha ntchito. Ankati mwana wofunsafunsa ndi wamwano, adzamvetsa akadzakula. Ine amene ndinalekera ku pulayimale ndodo yotero ndimaidziwa, sindikunena zongomva.

Makolo ali kumunda ankamva phokosolo n'kumasangalala kuti ana akuphunzira.

Woposa onse anali Dolika, mwana wa a Kanyoza. Akagwira buku lilime silinkapunthwa, ndipo kukabwera alendo a Matchipisa ankaimiritsa iyeyo. Bambo ake ankamunyadira mpaka anthu kutopa nawo.

A Kanyoza anali ndi ng'ombe imodzi yokha, yaikazi, ili ndi bere. Chuma chawo chonse chinali chimenecho. Chaka china nkhupakupa zinaidzadza m'makutu ndi kumimba, inayamba kuwonda. Anayenda wapansi mpaka kuboma nakagula botolo la mankhwala. Wogulitsa anafuna kuwafotokozera kagwiritsidwe kake, koma iwo anamudula pakamwa kuti asavutike, kunyumba kuli wowerenga.

Atafika, anansi anasonkhana pakhola. Dolika anatenga botolo lija nawerenga Chingerezi cholembedwa pamenepo kuyambira pamwamba mpaka pansi, osakakamira paliponse. Amayi ena anaimba nthungululu.

"Wawerenga bwino, mayi," anatero a Kanyoza. "Tsono akuti titani?"

Mwana anayang'ananso botolo. Pa mawu onse aja ankadziwapo awiri okha, madzi ndi ng'ombe, ndipo amenewo anawatola yekha pa zithunzi za m'buku. Anafuna kunena kuti sakudziwa. Koma pamkuyu paja palibe amene ananenapo zimenezo n'kubwerera kwawo wopanda mikwingwirima. Komanso anthu onse anali atamuyang'ana, bambo ake akumwetulira.

"Akuti muthire m'madzi, ng'ombe imwe," anatero chapansipansi.

Anaimwetsadi. Koma mankhwalawo anali osambitsira pakhungu, osati omwa. Dzuwa lisanalowe ng'ombe inagwa, thovu lili kukamwa, nifa pamodzi ndi mwana wake m'mimba. Ngakhale nyama sanadyeko. Anaikwirira m'dzenje lakuya kuti agalu asafukule.

A Kanyoza sanamenye mwana. Anangomufunsa, ndipo iye akulira anaulula kuti chiyambire sukulu amangotchula mawu, samva chimene akutchula.

M'mawa mwake anapita kumkuyu napeza ana akukuwa monga mwa masiku onse. Anapempha a Matchipisa kuti aimiritse mwana aliyense amene angafune, anene m'chinenero chathu zimene zili pabolodipo. Ana onse anazyolika. A Matchipisa anakonza tayi nati ntchito yawo ndi kuphunzitsa kuwerenga, ndipo Dolika anawerenga bwino. Za ng'ombe anati n'za alangizi a ziweto.

A Kanyoza anawerama natola nkhuyu yofiira bwino imene inagwa pafupi ndi nsapato ya mphunzitsiyo. Anaing'amba pakati. Nyerere zinatuluka n'kumayenda pa zala zawo.

"Aphunzitsi, sukulu yanu ndi iyi," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Musaganize kuti zinathera pabwino. Akuluakulu a zamaphunziro anasamutsira a Matchipisa kusukulu ya njerwa, kumene anakakuwitsanso ana ena. Khola la a Kanyoza linamera udzu. Dolika sanagwirenso buku mpaka ukalamba wake. Chimene chinatsala ndi mwambiwu.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye kuti chinthu chikhoza kukongola kunja, m'kati chili chowonongeka, ndipo wokhulupirira maso okha amalumidwa pakamwa. Mwana wotchula mawu bwinobwino osadziwa tanthauzo lake ndi nkhuyu yotero, koma nyererezo sanaziikemo yekha. Choncho inu, mukakumana ndi mawu achilendo, funsani, ngakhale akukalipireni. Ndipo wamkulu amene mwana wakuwerengera mokoma, usafulumire kuwomba m'manja. Ng'amba nkhuyuyo kaye, umufunse kuti akuti chiyani.