Mpweya wa Mapazi Makumi Anayi

Panali mayi wina amene ankaweta nsomba m'madamu kuseri kwa nyumba yake. Ankagulitsa tiana ta nsomba kwa alimi ofuna mbewu. Potumiza kutali, ankathira madzi pang'ono m'thumba la pulasitiki, kuikamo tinsombato, kenako n'kupopera mpweya wa m'botolo lachitsulo mpaka thumba litafufuma. Thumba lililonse linkadya malita khumi a mpweya. Popanda mpweyawo, nsomba sizikanatha ulendo wa maola asanu.

Chaka china amayi a mudzi wina wa kumapiri anakumba madamu awo oyamba, naitanitsa matumba makumi asanu. Tsiku la ulendo litafika, tinsomba tili kale mu ukonde ndipo lole ikunyamuka masana, mayiyo anatsegula botolo lake. Linangoti fuu, n'kukhala chete. Linali litatha kudontha sabata yonse iye osadziwa. Anadziwa kuti amayi aja anaswa misana miyezi itatu akukumba madamuwo, ndipo adzakhala m'mbali mwa msewu kudikira.

Pamsika panali mkulu wina wowotcherera zitsulo, amene anaphunzira ntchito yake kunjanji masiku a atsamunda. Atamva za vutolo, anabwera yekha atanyamula panjinga kabotolo kake kadzimbiri ka mpweya.

"Tengani, mayi. N'kodzaza. Muli mapazi makumi anayi."

Mlamu wa mayiyo anali pomwepo. Anali munthu wa sukulu, wa cholembera m'thumba la malaya, woyankha funso lisanathe. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bambo, mpweya mumaupima ndi mapazi ngati munda? Alamu, inu mukufuna malita mazana asanu, awa akukupatsani makumi anayi. Kabotolo kake ngakhale ndowa yaposa. Mangani matumba anayi, zotsalazo mubweze m'damu."

Mkuluyo anangowerama, nayamba kumangiriranso botolo lake panjinga. Manyazi anamugwira, poti anabwera ndi zonse zimene anali nazo.

Mayiyo sankadziwa masamu a m'mabuku, koma sankachita manyazi kufunsa. Paja safunsa anadya phula. Anagwada pambali pa njinga ija.

"Pepani bambo, phazi lanulo limaoneka bwanji?"

Mkuluyo anatulutsa rula yakale yopinda, naonetsa kuti phazi la mpweya ndi bokosi: phazi limodzi m'litali, limodzi m'lifupi, limodzi kuya kwake. Anati mpweya umalola kupanikizidwa, n'chifukwa chake mabokosi makumi anayi otero amakwana m'kabotolo kamodzi. Koma kuti bokosilo ndi malita angati, iye sankadziwa. Lita inafika iye atakula kale.

Mayiyo anazula matabwa a khola lakale la nkhunda. Mkuluyo anapima, anadula, nakhoma bokosi. Anayalamo pulasitiki. Ndipo mayiyo anatenga botolo la lita imodzi la mafuta ophikira, nayamba kuthira madzi uku akuwerenga mokweza. Dzuwa linali likukwera, woyendetsa lole akuliza hutala pamsewu.

Pa lita yachisanu, mlamu uja anali akusekabe. Pa ya khumi anasiya. Pa ya makumi awiri anasendera pafupi, n'kusuzumira m'bokosi ngati muli wina amene akumwa madziwo. Bokosi linadzaza pa malita makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndi kadontho pamwamba.

Apa mayiyo anamwetulira, natembenukira kwa mlamu wake.

"Alamu, cholembera chija chigwire ntchito tsopano. Mabokosi otere makumi anayi ndi malita angati?"

Mlamuyo analemba padzanja, nabwerezanso kachiwiri, kenako anayankha motsitsa mawu kuti apitirira chikwi chimodzi. Mayiyo ankafuna mazana asanu okha.

Matumba onse makumi asanu anafufuma, botolo lisanafike ndi pakati pomwe. Mkuluyo ndiye ankatsegula mpweya, mlamu n'kumamanga kukamwa kwa matumba ndi mphira. Lole inafika kumapiri dzuwa lisanalowe, ndipo amayi aja anamasulira m'madamu awo tinsomba tamoyo, tothamanga. Mayiyo, amene anapita nawo pa ulendowo, anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Bokosi lija sanaliphwasule, mpaka lero amasungiramo chakudya cha nsomba.

Tsono inu amene mukundimva, taonani. Botolo linali lodzaza kuyambira pachiyambi. Chimene chinatsala pang'ono kupha ulendowo si kuchepa kwa mpweya ayi, koma kufulumira kwa munthu amene anamva nambala osafunsa muyeso wake.

Alipo anthu m'nyumba mwanu amene amakupatsani zambiri, koma m'muyeso umene inu simunauphunzire. Bambo amene sananenepo kuti amakukondani, koma denga lanu silinadonthepo. Mayi wa mawu awiri okha, amene mawu akewo munthu angadye chaka chonse. Inu mumawerenga, n'kupeza makumi anayi, n'kunyoza.

Musanamubweze munthu ndi mphatso yake panjinga, gwadani pansi mumufunse kuti phazi lake limaoneka bwanji.