Nyimbo Imene Inachotsa Kamwaza Pamudzi

Kalekale, zigayo zisanabwere, amayi akusinjabe pamtondo, kunali mkazi wina dzina lake Namalunga. Mwamuna wake, Kamwaza, anali mkamwini wofatsa. Zaka zinapita m'nyumba mwawo osamveka kulira kwa khanda. Anthu ankati vuto ndi la mkazi, iye n'kumangowasiya anene. Koma sing'anga anali atamuuza pambali kuti vuto linali la mwamuna.

Tsiku lina nkhaniyo itamulemera mumtima, anaululira anzake atatu amene ankasinja nawo: Nasoko, Nagama ndi Nankwenya.

"Zithere pompano, anzanga," anawapempha.

"Iwenso! Ukutiona ngati ana?" anatero Nasoko.

Mwezi usanathe, Namalunga akuchokera kudimba anamva misi ikugunda ndi nyimbo yatsopano. Nasoko ankatsogolera, Nagama akuvomera, Nankwenya akuseka mpaka kusiya musi. Nyimboyo sinatchule dzina, koma inkanena za mkamwini wa chipewa cha mlaza amene sangapatse mkazi mwana. Wovala chipewa chotero pamudzipo anali mmodzi yekha. Pofika madzulo, ngakhale abusa ankaiimba.

Kamwaza sanakalipe. Anatenga khasu lake, nati kwa mkazi wake, "Ndimayesa manyazi anga ali m'manja mwako." Anabwerera kwawo.

Woyamba kupepesa anali Nasoko. Anadikira tsiku limene amayi anadzaza pachitsime, nagwada m'matope pamaso pa Namalunga, misozi ili chuchuchu. "Ndine njoka ine! Unandiuza chinsinsi cha amuna ako, ine n'kuchiika m'nyimbo. Ndikhululukire, mnzanga!" Palibe chimene anabisa. Koma amene ankayesa kuti nyimbo ija inali nthabwala chabe anadziwa tsikulo kuti inali yoona, ndipo pobwerera amayi ankayamikira kudzichepetsa kwa Nasoko. Namalunga anasenza mtsuko wake n'kuchoka mwamanyazi.

Nagama sananene kanthu. M'mawa uliwonse Namalunga ankapeza madzi mumtsuko pakhomo, atavundikiridwa ndi tsamba la nthochi kuti musagwere zinyalala. Mizere imene Kamwaza anasiya yosapalira inapaliridwa. Atadwala malungo, anapeza phala lothira nsinjiro monga mmene iye ankalikondera. Koma akakumana panjira, Nagama ankayang'ana pansi n'kumati, "Chaka chino mvula yachedwa." Mawu oti pepa sanatuluke pakamwa pake.

Nankwenya sanafike n'komwe pakhomo pa Namalunga. Anawoloka mitsinje mpaka kwawo kwa Kamwaza, nakhala pansi pamaso pa Kamwazayo ndi abale ake. "Mkazi wanu sanatiuze kanthu, alamu. Ndinapeka ndine chifukwa cha nsanje." Linali bodza. Alongo a Kamwaza anamutukwana, dzina lake linaipa midzi iwiri, koma Kamwaza anavomera kubwerera. Namalunga anamva zonsezi kwa anthu apanjira. Banja lake linali litakambidwanso iye kulibe, ndipo tsopano linkayenera kuima pa bodza limene iye sanapemphe.

Chimene ankalakalaka chinali chaching'ono: wina akhale naye pakhonde, awiriwiri, amufunse mmene zinamupwetekera, n'kumumvetsera mpaka amalize. Palibe anachita zimenezo.

M'mawa wa tsiku lobwera Kamwaza, atatu aja anakumana pabwalo la Namalunga. Aliyense ankakhulupirira kuti mbali yake anamaliza. Namalunga anawasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Mtima wake unali usanapole, koma kukhala wopanda mnzake kunamutopetsa. Anatuluka ndi kamkeka kokwana anthu awiri okha, nakayala pakhonde, nakhala mbali imodzi.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tiuzeni: aitane ndani kuti akhale mbali inayo? Amene ananena zoona koma pagulu, amene anapepesa ndi manja pakamwa pali chete, kapena amene anamubwezera mwamuna ndi bodza?